Antivirus ilimo, nanga vairasi yalowa bwanji?

Mtsikana wina wa pakoleji anabwera pashopu ya mlamu wanga atanyamula fulashi, akufuna kusindikiza asaimenti yoti akapereke mawa lake m'mawa. Atailowetsa mu kompyuta, mafoda ake onse anali atasanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Ukadina palibe chotseguka, kawindo kakuda kamangophethira n'kuzimiririka. Mtsikanayo misozi inali italengeza kale. Mlamu wanga anandicheukira n'kunena kuti, "Koma alamu, antivirus ilimo mu kompyutamu. Taonani, si iyo pakonapo?" Inalimodi. Kachizindikiro kake kanali pansi pa sikirini, pafupi ndi wotchi. Nditaitsegula ndinapeza kuti laisensi yake inatha zaka ziwiri zapitazo, ndipo chithereni laisensiyo inali isanalandirepo update ngakhale imodzi.

Mafayilo a mtsikanayo sanafufutike. Vairasi ya mtundu umenewu, imene anyamata obena nyimbo ndi osindikiza mapepala amangoti "ya ma shortcut", imabisa mafoda enieni n'kuikapo tizithunzi ta mayina omwewo. Munthu akadina kachithunziko poganiza kuti akutsegula foda yake, ndiye kuti waidzutsa vairasiyo ndi chala chake, ndipo imakhazikika mu kompyutamo kudikira fulashi yotsatira. Tinawabwezeretsa mafayilowo ndi lamulo la Windows loulula mafayilo obisika lotchedwa attrib, sizinatenge ngakhale mphindi khumi. Koma funso la mlamu wangali ndalimva kwa anthu ambiri, aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi, abusa olemba maulaliki awo pa laputopu. Ndipo yankho lake limayambira pa zimene pulogalamuyi imachita ikakhala phee pakona paja.

Njira yake yakale kwambiri, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndi ya mlonda amene wapatsidwa buku la zithunzi za akuba odziwika. Kampani yopanga antivirus ikapeza vairasi yatsopano, akatswiri ake amaisenda n'kupezamo kachidutswa kamene sikapezeka mu pulogalamu ina iliyonse yabwino. Kachidutswako amati signature. Amakaika pa mndandanda n'kutumiza kwa makasitomala onse, ndipo kutumizako ndi kumene timati update. Kuchokera pamenepo fayilo iliyonse imene mukutsegula, kukopera kapena kudawuniloda imayerekezedwa ndi mndandandawo. Ikafanana ndi chithunzi china, imagwidwa n'kutsekeredwa.

Poyamba njira imeneyi inali yokwanira chifukwa akubawo anali owerengeka. Vairasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC inali Brain, imene inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi. Inkayenda pa madisiki a floppy, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, ndipo abalewo anasiyamo mayina awo, adiresi ya shopu yawo ndi manambala a foni. Chaka chotsatira John McAfee anatulutsa antivirus yotchedwa VirusScan ku America. Nthawi imeneyo vairasi inkatenga miyezi kuti iwoloke nyanja, choncho buku la zithunzi likasinthidwa kamodzi pa miyezi ingapo, mlonda sankatsalira kwenikweni. Lero bungwe la AV-TEST la ku Magdeburg ku Germany, limene ntchito yake ndi kuyesa mapulogalamu achitetezo, limati limalembera mapulogalamu oipa atsopano oposa 450,000 tsiku lililonse. Mndandanda wa mlamu wanga unali utagona zaka ziwiri. Werengani nokha nkhope zimene mlonda wakeyo sanazionepo.

Chiwerengero chimenecho chisakuopseni mopitirira, chifukwa sikuti tsiku lililonse kumabadwa nzeru zatsopano 450,000. Ambiri mwa mafayilowa ndi wakuba mmodzimodzi amene wangosintha malaya. Luso limeneli ndi lakale: mu 1990 kunatuluka vairasi yotchedwa 1260 imene inkasintha maonekedwe ake nthawi iliyonse ikamadzikopera, ndipo patapita zaka zochepa munthu wina wa ku Bulgaria wodzitcha Dark Avenger anafalitsa kachida kotchedwa Mutation Engine, koti wina aliyense amangirire pa vairasi yake kuti izisintha nkhope. Masiku ano ntchitoyi ndi bizinesi. Pali anthu amene amagulitsa mapulogalamu okutira vairasi, otchedwa ma crypter, ndipo asanapereke katunduyo kwa wogula amayamba amuyesa pa ma antivirus ambirimbiri kufikira palibe ngakhale imodzi imene ikumuzindikira. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira: wakuba ali nayo antivirus yanu yomweyo pa tebulo lake, amaiyesa mmene akufunira, pamene inu ndi kampani yanu simunaione vairasi yakeyo. Ikatuluka, pamadutsa maola, nthawi zina masiku, isanalowe m'buku la zithunzi. Amene akumana nayo m'kati mwa maola amenewo ndi amene amalira.

Ndipo vutoli silidzatheratu, ngakhale makampani atalemba ntchito akatswiri ochuluka chotani. Fred Cohen, amene anafalitsa dzina lakuti vairasi ya pakompyuta ali wophunzira ku University of Southern California m'zaka za m'ma 1980, anasonyeza mwa masamu kuti sipangakhale pulogalamu yotha kuyang'ana pulogalamu ina iliyonse n'kunena mosaphonya kuti iyi ndi vairasi, iyi ayi. Choncho wotsatsa malonda akakuuzani kuti yake imagwira zonse, dziwani kuti akungofuna ndalama zanu.

Makampani ataona kuti zithunzi zokha sizikukwanira, anaphunzitsa mlonda kuyang'ananso mayendedwe. Antivirus ya masiku ano imayang'ana kapangidwe ka fayilo ngati kakufanana ndi ka banja lina la mavairasi, ndipo ina imayamba yaiyendetsa fayiloyo m'kachipinda kongoyerekezera, kotsekeka, kuti ione zimene ichite. Ikaloledwa kuyenda pa kompyuta yeniyeni, imailondabe. Kalata ya Word ilibe chifukwa choyambitsira PowerShell, chida cha Windows cholamulira kompyuta, n'kuyamba kukoka zinthu pa intaneti. Pulogalamu yoonera mafilimu ilibe chifukwa chotsegulira malo amene Chrome imasungira mapasiwedi. Kanthu kakayamba kusintha mafayilo mazanamazana pa mphindi imodzi n'kuwapatsa mayina achilendo, ameneyo ndi ransomware, vairasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ndipo antivirus yabwino imaidula pakati ngakhale isakuidziwa dzina. Akubawo nawonso anaphunzira. Vairasi ina ikalowa imagona kaye osachita kanthu, kudikira kuti woiyesayo atope. Ina siisiya fayilo n'komwe pa disiki, imangogwiritsa ntchito zida za Windows yomweyo, zimene mlonda sangazikanize kulowa chifukwa ndi za m'nyumba.

Mbali yachitatu ndi imene imatikhudza kwambiri ife a kuno. Antivirus zambiri tsopano zikakumana ndi fayilo yachilendo zimafunsa ku makina a kampani kudzera pa intaneti: kodi fayilo iyi inaonekapo kwina? Ndi anthu angati ali nayo? Inayamba kuoneka liti? Yankho limabwera m'kuphethira kwa diso, ndipo vairasi imene yagwidwa ku Brazil m'mawa imakhala yodziwika ku Mzuzu masana. Koma nzeru zonsezo zili kutsidya la waya. Bungwe la AV-Comparatives la ku Innsbruck ku Austria limayesa mapulogalamuwa kawiri, intaneti ilipo komanso itachotsedwa, ndipo ena amatsika kwambiri akachotseredwa intaneti. Microsoft Defender, antivirus imene imabwera kale mu Windows, ndi imodzi mwa zimene zimadalira kwambiri kufunsa kumeneku. Ndiye taganizirani kompyuta ya pashopu yosindikizira mapepala, imene imalumikizidwa pa intaneti pokhapokha mwini wake akatsegula hotspot ya pafoni kuti atumize imelo imodzi, n'kuitseka msanga poopa kuti bandulo itha, koma patsiku imalandira mafulashi makumi atatu a anthu osadziwika. Kompyuta imene ikufunika mlonda wamphamvu kuposa zonse ndi imene ili ndi mlonda wosamva nkhani.

Apa m'pamene tiyenera kuwerenga mosamala ziwerengero za oyesa aja. AV-TEST imapereka mamalikesi 6 pa chitetezo, 6 pa kusalemetsa kompyuta, ndi 6 pa kusanamizira mafayilo abwino, onse pamodzi 18. Mayina odziwika monga Bitdefender, ESET, Kaspersky, Norton, Avast ndi Defender kawirikawiri amatsekereza mavairasi 99 kapena kuposerapo pa 100 alionse amene aponyeredwa. Ziwerengerozi si zabodza. Koma zimachokera pa kompyuta ya Windows yatsopano, yolandira ma update onse, yokhala pa intaneti nthawi zonse, ndipo palibe munthu amene wazimitsa chilichonse. Kusiyana pakati pa antivirus ina ndi inzake pa mayeso otere kumakhala kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana pakati pa kompyuta ya mu labu ndi ya mlamu wanga. N'chifukwa chake mkangano wa anyamata wakuti "yamphamvu ndi iti" umanditopetsa. Yamphamvu ndi imene ili ndi update ya lero.

Ndiye pali chiwerengero china chimene chinadabwitsa anthu. Mu May 2014, Brian Dye, mmodzi wa akuluakulu a Symantec, kampani imene inkapanga Norton, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti antivirus inafa, ndipo anati imagwira pafupifupi 45 pa 100 ya ziwembu za pa intaneti. Wogulitsa katundu kunyoza katundu wake yemwe! Koma 99 ndi 45 sizikutsutsana, zikuwerenga zinthu zosiyana. Oyesa amawerenga mavairasi amene amwazidwa kwa aliyense, ngati msampha wotchera mbewa iliyonse yodutsa. Dye ankanena za ziwembu zonse, kuphatikizapo zokonzera munthu mmodzi kapena kampani imodzi, ndi zina zimene mulibe fayilo yoti n'kuigwira.

Za ziwembu zokonzera munthu, umboni wake unachokera kwa eni ntchito omwe. Vairasi ya Stuxnet, imene inaononga makina oyenga uranium ku Natanz m'dziko la Iran, inatulukiridwa mu June 2010 ndi kakampani kakang'ono ka ku Belarus kotchedwa VirusBlokAda, itayenda kale kwa nthawi yaitali. Inkalowa kudzera pa fulashi, inkagwiritsa ntchito ming'alu inayi ya Windows (malo ofooka olowerapo achiwembu) imene Microsoft inali isanaidziwe, ndipo inali ndi ziphaso zobedwa ku makampani enieni a ku Taiwan, Realtek ndi JMicron, moti Windows inkailandira ngati mlendo wodziwika. Patapita zaka ziwiri kunatulukira ina yaukazitape yotchedwa Flame. Mikko Hyppönen wa kampani ya F-Secure ya ku Finland analemba poyera kuti atafufuza m'nkhokwe zawo anapeza kuti zidutswa za Flame anali nazo kuyambira 2010 ndi 2011, zitatumizidwa ndi makina, koma palibe anaziona kuti ndi zoopsa. Iye anavomera kuti makampani onse a antivirus analephera. Ine ndimaulemekeza kwambiri mtima umenewo. Komabe, tinene zoona, maboma okhala ndi ndalama zolembera Stuxnet sakusaka laputopu ya mphunzitsi wa ku Dedza. Nkhaniyi ikungotionetsa pamene mphamvu za mlonda zimathera.

Imene ili pafupi ndi moyo wathu ndi ya WannaCry. Pa 12 May 2017 ransomware imeneyi inagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, ikufuna madola 300 a bitcoin pa kompyuta iliyonse. Ku England zipatala za boma za NHS zinabweza odwala, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 analephereka. Sinkafuna kuti munthu adine kanthu. Inkangodutsa pa mng'alu wa Windows kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake ya pa netiweki yomweyo. Chowawa n'chakuti Microsoft inali itatseka kale mng'aluwo mu March, miyezi iwiri zisanachitike. Amene anali ataika update ya Windows ija anapulumuka, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anali pa Windows 7 yosaikidwa update. Kwathu kuno chinthu choyamba chimene "katswiri" wa pamsika amachita akakuikirani Windows ndi kuzimitsa Windows Update, ati imadya bandulo ndi kuchedwetsa kompyuta. Imadyadi. Koma kumeneko ndi kusiya khoma logumuka n'kumadalira mlonda wa pageti. Windows 7 inasiya kulandira ma update mu January 2020, ndipo Windows 10 nthawi yake inatha pa 14 October 2025, kupatula kwa amene alembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera. Ming'alu yatsopano ikapezeka pa makompyuta amenewa, palibe woimata, ngakhale antivirus ikhale yodula bwanji.

Patangotha milungu isanu ndi umodzi, pa 27 June 2017, kunabwera NotPetya, ndipo iyi inalowera pakhomo lenileni. Achiwembu anathyola makina a kampani ya ku Ukraine yopanga pulogalamu yowerengera misonkho yotchedwa M.E.Doc, n'kuika vairasi m'kati mwa update yake. Makasitomala anailandira ndi manja awiri chifukwa inachokera kwa amene ankamukhulupirira. Kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk, imene makontena ake timawaona pamsewu wochokera ku Beira, inakakamizika kuikanso mapulogalamu pa makompyuta 45,000 ndi maseva 4,000, ndipo inataya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni. Chimene chinaithandiza kudzuka msanga n'choseketsa kwa ife ozolowera mdima: seva imodzi yofunika kwambiri, ya ku ofesi yawo ya ku Ghana, inapulumuka chifukwa magetsi anali atathima pa nthawi imene vairasiyo inkafalikira. Makina amene sanali pa netiweki ndi amene anatsala amoyo.

Zoterezi sizili kutali. Mu July 2021 ransomware inaimitsa makina a Transnet ku South Africa, ndipo ntchito padoko la Durban, pamene katundu wambiri wa m'chigawo chino amadzera, inasokonekera kwa masiku. Mu May 2022 Bank of Zambia inagwidwa ndi gulu lotchedwa Hive. Kumayambiriro kwa 2024 kupanga mapasipoti kunaima ku Malawi kwa milungu ingapo, ndipo mu February Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu anathyola makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Magulu amene amasaka mabungwe akuluakulu masiku ano sachita kumwaza vairasi n'kumadikira mwayi. Kawirikawiri amalowa ndi pasiwedi yobedwa kapena yogula, amakhalamo masiku akuyendayenda ngati ogwira ntchito, amadzipezera mphamvu za woyang'anira netiweki, ndipo asanatseke mafayilo amayamba azimitsa antivirus. Mlonda sangamenyane ndi munthu amene wanyamula makiyi a bwana.

Tikabwerera pa makompyuta a kunyumba, amene amazimitsa antivirus nthawi zambiri si wachiwembu, ndi mwini wake. Aliyense amene anaikapo Office, Photoshop kapena masewera a crack, othyoledwa kuti agwire ntchito popanda kugula laisensi, amadziwa malangizo oyamba amene amabwera nawo: zimitsani kaye antivirus, chifukwa "imanamizira". Ndaona anyamata akuchita izi mwaluso, kulowa m'ma settings a Defender, kuzimitsa chitetezo, kuika foda yonse ya Downloads pa mndandanda wa zosayang'anidwa, kenako kuyendetsa ka activator, kapulogalamu kothyolera laisensi, ndi mphamvu zonse za woyang'anira kompyuta. Nthawi zina antivirus imakhala ikungodandaula za kuba laisensi basi, n'zoona. Koma inu mulibe njira yosiyanitsira. Mapulogalamu a crack ndi amodzi mwa magalimoto akuluakulu onyamula mavairasi oba mapasiwedi. Vairasi yotere siichedwetsa kompyuta, siionetsa chilichonse pa sikirini. Pa mphindi imodzi imakhala itakokolola mapasiwedi onse osungidwa mu Chrome, pamodzi ndi ma cookie amene amalola munthu kulowa mu Facebook kapena Gmail yanu popanda kufunsidwa pasiwedi, n'kuzitumiza kunja. Mukamadzayatsanso antivirus madzulo, ikhoza kuigwira n'kukuuzani monyadira kuti yachotsa choopsa. Katundu anapita kale. Patatha mwezi anzanu akuyamba kulandira mauthenga a pa Facebook ochokera kwa "inu", opempha ndalama. Sindikuweruza munthu, laisensi yeniyeni ndi yodula ukaiwerengera m'makwacha. Koma LibreOffice ndi yaulere mwachilungamo, ndipo imalemba kalata ndi asaimenti bwinobwino.

Palinso mbali ina imene otsatsa malonda sakonda kuitchula: mlonda nayenso amalakwa, ndipo popeza amakhala ndi makiyi a zipinda zonse, akalakwa zimakhala zazikulu. Mu April 2010 update ya McAfee inatenga fayilo yofunika ya Windows XP, svchost.exe, ngati vairasi, ndipo makompyuta ambirimbiri a m'makampani ndi m'zipatala anayamba kumangozima n'kuyaka. Pa 19 July 2024 update yolakwika ya CrowdStrike, kampani ya mapulogalamu achitetezo a mabungwe akuluakulu, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft. Ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera, popanda wachiwembu aliyense. Mu 2016 Tavis Ormandy wa gulu la Project Zero ku Google anapeza ming'alu mu mapulogalamu a Symantec ndi Norton yoti munthu akanatha kulanda kompyuta pongotumiza imelo, ngakhale wolandirayo asaitsegule, chifukwa antivirus yomweyo ndi imene inkaitsegula pofuna kuiyang'ana. Ndipo Avast, imene ambiri timaikonda chifukwa ndi yaulere, inapezeka kuti inkagulitsa mbiri ya masamba amene makasitomala ake ankatsegula kudzera pa kampani yake ya Jumpshot. Mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linailipiritsa madola 16.5 miliyoni. Chaka chomwecho boma la America linaletsa kugulitsa Kaspersky m'dzikomo ponena kuti boma la Russia likhoza kuigwiritsa ntchito, zimene kampaniyo imakana. Kusankha antivirus ndi kusankha amene mukumulola kuona zonse za m'nyumba mwanu.

Ena akamva zonsezi amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuika ziwiri kapena zitatu. Mapanga awiri avumbwitsa. Ma antivirus awiri oyang'ana nthawi imodzi amalimbirana fayilo iliyonse, amatsekerezana, ndipo laputopu ya RAM ya 4GB imayamba kuyenda ngati nkhono. N'chifukwa chake Defender imadzipatula yokha mukaika ina. Vuto limabwera pamene inayo ndi ya masiku 30 oyeserera imene inabwera ndi laputopu, kapena ya crack imene kampani yake inaitsekera ma update: imakhalabe pakona paja, mwini wake akuona ngati ali ndi mlonda. Kwa munthu wamba wa Windows 10 kapena 11, Defender imene imabwera kale mu Windows ndi yokwanira, bola ikhale yoyatsa ndipo izilandira ma update. Kale inali yofooka ndipo inkatsalira pa mayeso, koma kwa zaka zingapo tsopano imapikisana ndi zolipira. Zolipirazo zimawonjezera zinthu monga VPN (njira yobisira zimene mukuchita pa intaneti), kusunga mapasiwedi ndi kuyang'anira ana, zimene ena amazifuna. Smadav ya ku Indonesia, imene yadzaza m'mashopu osindikizira mapepala, imathandizadi pa mavairasi a pa fulashi, koma eni ake omwe amati ndi chitetezo chowonjezera, osati cholowa m'malo mwa antivirus yaikulu. Ndipo uthenga wofiira wotulukira mu browser wakuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi asanu, dinani apa, umenewo si antivirus. Tsamba la pa intaneti silingayang'ane m'disiki yanu. Vairasi yake ndi imene mupatsidwe mukadina.

Pa foni nkhani yake ndi yaifupi. Android imatsekera pulogalamu iliyonse m'chipinda chake, choncho antivirus ya pafoni ilibe mphamvu zofanana ndi ya pakompyuta, ndipo Google Play Protect imayang'ana kale mapulogalamu amene mwaika. Ngozi yaikulu ili pa ma APK (mafayilo oikira mapulogalamu pafoni) otumizirana pa WhatsApp, ma WhatsApp osavomerezeka monga GB WhatsApp, ndi timapulogalamu ta ngongole topempha chilolezo choona mauthenga ndi manambala anu onse. Mukavomera nokha, foni imamvera inu. Ndipo umbava umene wadya ndalama za anthu ambiri kuno sufuna vairasi n'komwe. Ndi uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena munthu woimba mwaulemu kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, akufuna PIN ya Mpamba kapena Airtel Money kuti "akonze akaunti". Palibe pulogalamu imene ingaime pakati pa khutu lanu ndi chala chanu.

Ngati mukufuna kudziwa ngati mlonda wanu ali maso, pali njira yosavuta. Tsegulani antivirus muone tsiku la update yomaliza, likhale la sabata ino. Kenako pitani pa eicar.org mukayese kudawuniloda fayilo yoyesera ya EICAR, kamzere ka zilembo 68 kosaopsa konse kamene makampani ambiri anagwirizana kuti azikagwira ngati vairasi. Ikalowa popanda kudandaula kulikonse, mlonda wanu ali m'tulo. Fayilo imene mukuikayikira mukhoza kuitumiza pa VirusTotal, tsamba la Google limene limaiyesa pa ma antivirus pafupifupi 70 nthawi imodzi, koma musatumizeko zikalata zachinsinsi chifukwa zimasungidwa ndipo akatswiri ena amatha kuziona. Muyatsenso kuti Windows izionetsa mathero a mayina a mafayilo. Vairasi ya ILOVEYOU ya ku Philippines inapusitsa anthu mamiliyoni mu May 2000 ndi dzina lothera .TXT.vbs, Windows itabisa mbali yomalizayo, ndipo mpaka lero invoice.pdf.exe ikugwirabe anthu ndi chinyengo chomwecho.

Pa ransomware, chimene chimabweza mafayilo si antivirus. Ikhoza kuchotsa vairasiyo, koma zithunzi zaukwati ndi mabuku a bizinesi zimakhalabe zotsekeka. Chobweza ndi kope lina losungidwa pa hard drive imene mumaichotsa mukamaliza kukopera, chifukwa yosiyidwa cholumikiza imatsekedwa limodzi ndi zina zonse. Ndi nkhani ya seva ya ku Ghana ija, kungoti inu simudikira kuti magetsi athime.

Kwa mlamu wanga tinachotsa antivirus yakufayo, tinayatsa Defender, ndipo ndinamuumiriza kugula bandulo ya usiku kuti Windows ikoke ma update ake onse. Anadandaula mtengo wake ulendo wonse wopita kogula mayunitsi. Kutacha, Defender inali itagwira zinthu khumi ndi zinayi, zina zitakhala mu kompyutamo chaka chathunthu. Tinagwirizana kuti Lamlungu lililonse madzulo aziilumikiza pa intaneti kwa ola limodzi, ndipo makasitomala amene angathe azitumiza mapepala awo ngati PDF pa WhatsApp m'malo mobweretsa fulashi. Mwezi watha ndinadutsa pashopupo ndipo ndinapeza mwana wake wamkulu atakhala pa kompyuta ija, chitetezo cha Defender chitazimitsidwa, akuika masewera a mpira amene mnzake anam'patsa pa fulashi.